Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Moni wa ku Leicester

Zikomo nonse amene munalemba pa gawo lapitali, makamaka inu achemwali amene simutopa kundikumbutsa kuti ndisasiyire nkhani panjira. Paja tinalekezera nditangoyamba ntchito kunyumba yosamalira okalamba ija, kuno ku Leicester, ku England.

Chingerezi cha kusukulu ndinkachidziwa, MSCE ndinakhoza bwino. Koma cha mumsewu ndi china. Munthu akamatsika basi n'kuuza dalaivala kuti "cheers", ndiye kuti zikomo. "Quid" ndi paundi imodzi, "fiver" mapaundi 5, "tenner" 10. Wonena kuti ali "skint" alibe ndi khobidi lomwe, "knackered" ndiye watoperatu. Izi ndinazitola msanga. Mawu amene anandilasa mtima ndi "You alright?"

Mwezi wanga wachitatu, foni inalira 4 koloko mbandakucha. Mayi atisiya ku Ntcheu. Ya ndege ndinalibe, ngongole yobwerera kuno ndinali ndisanabweze. Amalume, ndikudziwa mumawerenga. Munauza anthu pasiwa kuti ndasanduka mzungu, ndakana maliro a mayi anga. Bokosi lija anagula ndani? Ndinabwereka kwa anthu atatu, ndipo tsiku lomwelo ndinapita kuntchito kuti ndipeze chobwezera.

Ndili m'khonde, mnzanga wina akubwera atanyamula zofunda. "You alright?" Ndinaima. Ndinati Mulungu wanditumizira munthu, waona maso anga otupa. Ndinatsegula pakamwa, ndinangoti "Mayi anga..." Chitseko chinali chitatsekeka kale kumbuyo kwake. Ndinatsala ndekha, mawu ali pakhosi, makina ochapira akulira kuseri. Kwathu wofunsa kuti mwadzuka bwanji amaima, amafunsanso za ana ndi za kunyumba. Mnzangayo ndinamusungira chakukhosi miyezi yambiri, osadziwa kuti kuno umenewo ndi moni chabe, ndipo yankho lake ndi "Yeah, you?" uku ukuyenda. Sanalakwe, ndipo ndimamva chisoni kuti ndinkamuyankha mokalipa.

M'mawa womwewo ndinagwada kuveka masokosi agogo ena amene ndinkawasamalira, a m'chipinda chakumapeto. Msozi unagwera paphazi pawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Come here, me duck." Ndinkadziwa kuti duck ndi bakha, ndipo masiku oyamba mawuwa ankandinyansa. Koma ku Leicester, Nottingham ndi Derby amatero kwa aliyense pomukomera mtima, mwamuna kaya mkazi. Anakokera mutu wanga pamaondo awo, manja akunjenjemera, akusisita duku langa. Ndinalira maliro a mayi anga pamenepo, sokosi imodzi ili m'manja. Sanandifunse chilichonse.

Agogowo anamwalira chaka chotsatira, ndipo kumaliro kwawo ndinapita. Zaka zinayi zinadutsa ndisanaone manda a mayi. Za ulendo umenewo, ndi zimene tinakambirana ndi amalume pakhonde, ndilemba Lamlungu.