Sabata imene kalaliki anakhala mphunzitsi wanga

Ndimayang'anira nyumba yosungira katundu, ndipo sabata yathayi tinayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yatsopano yowerengera katundu pa kompyuta. Lolemba m'mawa ndinakoka mpando n'kukhala pambali pa kalaliki wathu, mtsikana amene anayamba ntchito chaka chatha. Ndinamupempha kuti andiphunzitse. Poyamba ankachita manyazi. Ndikangochedwa pang'ono, dzanja lake linali litafika kale pa kiyibodi, uku akuti, "Bwana, musavutike, ndipanga ndine." Ndinamuuza kuti manja aike pamwendo, azingondiuza pokanikiza. Pofika masana anali atamasuka moti ankandibweza yekha: "Ayi bwana, yambani ndi nambala ya shelefu."

Njirayi si yanga. Mu 1999, Jack Welch, amene anali mkulu wa kampani ya ku America ya General Electric, anauza mabwana akuluakulu a kampaniyo kuti aliyense apeze wachinyamata womuphunzitsa intaneti. Ndimaikhulupirira chifukwa ukakwera pa udindo anthu amayamba kukusankhira zokuuza. Ukapanda kudzipezera wekha aphunzitsi, palibe amene angalimbe mtima kukuphunzitsa.

Lachitatu katundu wa kasitomala wina anachedwa kunyamuka. Zinali zosavuta kuloza chala dalaivala, koma ndinatengera zimene Taiichi Ohno ankaphunzitsa ku Toyota, zofunsa kuti "chifukwa chiyani" kasanu mpaka ufike pa gwero la vuto. Galimoto inachedwa chifukwa kupakira kunatenga nthawi. Kunatenga nthawi chifukwa makatoni anali kuseri kwa katundu wina. Anafika bwanji kumeneko? Olandira katundu amaika paliponse pamene pali malo, popeza manambala a m'mashelefu anafufutika. Bambo wina wachikulire amene wapakira katundu zaka zambiri anangoti, "Izitu tinaziona kale, koma sitinafunsidwe." Mawu amenewa anandikhudza kwambiri. Paja safunsa anadya phula, ndipo mtsogoleri akadya phulalo amadyetsanso onse amene akuwatsogolera.

Lachinayi linathera m'misonkhano. Madzulo ndinalemba m'kope langa zimene ndinaphunzira, chifukwa Hermann Ebbinghaus, katswiri wa ku Germany wofufuza mmene anthu amakumbukirira zinthu, anasonyeza kale mu 1885 kuti chinthu chatsopano chimayamba kuiwalika m'maola oyambirira ngati munthu sachibwereza. Ndimawerenganso kopelo ndisanayambe sabata ina.

Lachisanu tinakhala pansi tonse n'kufunsana mafunso amene asilikali a ku America amafunsana akamaliza ntchito: timafuna kuchita chiyani, chachitika n'chiyani, chifukwa chiyani, ndipo tisinthe pati. Ndinadziletsa kuyankhula mpaka onse atamaliza, chifukwa bwana akayamba ndiye, ena amangovomera. Tinagwirizana kuti Lolemba tilembenso manambala a m'mashelefu, ndipo ntchitoyi aitsogolera ndi bambo aja. Kalaliki uja apitiriza kundiphunzitsa gawo la malipoti, komanso wavomera kuphunzitsa olandira katundu onse.