Ndinkawerenga anamzeze, apongozi ndinangowapezamo

Tiyambe takonza kaye zimene alamu anga akhala akufalitsa pa WhatsApp ndi pamsika wa ku Vila Ulongué. Sindinagwe mumtengo wa mapeyala. Sindinakomoke. Buluku silinavukiretu, linangotsika. Ndipo zoti ndinalosera imfa ya apongozi anga, amene akunenawo adzayankha okha kumwamba.

Magalasi oonera patali aja ndinagula ku Lizulu, pamulu wa kaunjika, ali pakati pa nsapato za ana ndi malamba. Diso lakumanzere ndi lachifunga, lakumanja likuona bwino, choncho ndimayang'ana nditatsinzina kumodzi ngati munthu wolasa. Anandiyambitsa ndi mwana wanga wa ku Moatize, wogwira ntchito kumgodi wa malasha uja. Atamva kuti BP yanga yakwera, anati munthu wopuma pa uphunzitsi amafunika chochita chofatsa, ndiye ndiziona mbalame pakhomo n'kumamutumizira mawu pafoni. Chofatsa. Mawu amenewo muwasunge.

Kuno kwathu munthu amayang'ana mbalame ali ndi legeni m'manja kapena ulimbo pakamtengo. Kuiyang'ana chabe n'kuisiya ipite, anthu amayamba kukufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Mayi a ana anga anandifunsa tsiku loyamba lomwe.

"Mukaziona, ndiye kenako?"

"Ndizilemba m'kope."

"Kenako?"

"Basi."

"Nanga ndiwo zake zili pati pamenepo, abambo?"

Koma kope linkadzaza ndithu. Pumbwa wotha mapapaya athu, njiwa, mpheta, timba, khwangwala, nantchengwa kamodzi (mayi anati ndi malodza, ndifufute), ndi kabawi amene anatenga mwanapiye ine ndili kalikiliki kulemba kuti kabawi wabwera.

Chimene ndinkadikira kwenikweni ndi anamzeze a ku Ulaya. Musawasokoneze ndi aja amizeremizere pachifuwa omwe amamata zisa zadothi pakhonde. Awa a ku Ulaya kuno samanga, amangobwera ndi mvula kudzadya tizilombo, ndipo Malichi akamatha, mondokwa akamakhwima, kam'mawa kakayamba kuzizira kuchokera kuphiri la Dómuè, amasonkhana pawaya wa magetsi kukonzekera kubwerera. Kambalame kolemera magalamu 20 okha, kosaposa batire laling'ono la wailesi, kuuluka makilomita pafupifupi 8,000, kudutsa chipululu cha Sahara, popanda pasipoti, popanda kukangana ndi kondakitala wa chapa. Ine kungopita ku Tete mumzinda ndimabwerako msana ukuwawa masiku atatu. Ndiye mundiuze ngati ndinalakwa kufuna kuwatsanzika.

Vuto linali lakuti kuchokera pakhonde, waya uja umabisika ndi mtengo wa mango. Malo okhawo oonekera bwino anali padenga la nkhokwe. Nkhokwe yake ya apongozi. Ndipo waya wake umadutsa pamwamba pa bafa la apongozi omwewo, lija lampanda wa udzu lopanda denga. Amene anazika mapolo a magetsi sanabwere kudzandifunsa maganizo. Ine ndine mkamwini pamudzi uno zaka 31, ndipo m'zaka zonsezo ndikakumana ndi apongozi panjira ndimapatukira patchire ngakhale pakhale chitedze. Mbiri yanga inali yoyera.

Ndinakwera 6 koloko isanakwane, poponda pamtondo. Ndinagona chafufumimba paudzu, diso limodzi psii, linalo pagalasi. Abale, zinali zokongola. Anali atandanda pawaya ngati zopanira zovala. Ndinawerenga mpaka 63, kenako chimwemwe chinandipitirira, ndinatulutsa foni kuti mwana wanga amve nawo. Foni yanga imamva movutikira, choncho ndimalankhula mokweza, mawu a m'kalasi aja ofika mpaka benchi lomaliza.

"Mwana wanga, ndikuwaona bwinobwino lero! Ali pompa, pafupi zedi! Pachifuwa poyera mbee! Pakhosi pofiirira! Timiyendo tating'ono, koma anenepa chaka chino, eee, anenepa! Taona akudzikonzakonza, sakudziwa n'komwe kuti ndikuwaona!"

Apa ndiime kaye, chifukwa mlandu weniweni ndi wa chinenero chathu. Anamzeze timati ali, anenepa, akudzikonza. Apongozi timatinso ali, anenepa, akudzikonza. Ulemu ndi unyinji timazinena mofanana. Ndikanalankhula Chipwitikizi chimene ndinaphunzitsa zaka zonsezi, bwenzi lero ndikuyenda mutu uli m'mwamba.

Ndiye ndinamaliza ndi mawu amene anandimangitsa. "Uwamvere lero lomwe, mwana wanga. Mmene ndikuwaoneramu, sabata ino satha. Epulo sawapeza amenewa. Apita basi."

Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti panali phokoso lina limene ndinkalimva nthawi yonseyi osaliganizira, la madzi, khwavu khwavu, ndipo tsopano linali litaleka. Kunali zii. Kenako kunamveka kutsokomola kumodzi, kwa munthu amene sakudwala chifuwa.

Munthu wanzeru akanachotsa kaye magalasi kumaso. Ine ndinatsitsa mutu magalasi ali pomwepo. M'galasi monse munadzaza diso. Diso limodzi, lalikulu ngati mbale ya nsima, thovu la sopo lili pachikope, likundiyang'ana tong'o. Ndikulumbira pamaso pa aliyense kuti pamwamba pa mpanda panangotulukira mutu wokha, ndipo cha mutuwo ine ndinaona diso basi. Koma diso limenelo ndimalidziwa. Linandiyang'anapo choncho tsiku limene ndinabwera kudzafunsira.

Thupi la mkamwini lili ndi nzeru zakezake. Likaona apongozi silidikira mutu, limagwada. Ndinagwada padenga la nkhokwe, limene chiswe chinali chitalidya kuyambira mvula yoyamba, ndipo ndinayambanso kuwomba m'manja. Ndinangofika pa "Mwadzuka bwa..." basi phofo!

Sindinagwere pansi, ndiponso bola ndikanagwera. Ndinalowa mpaka m'khwapa n'kukakamira pamenepo. Kunja kunatsala mutu, mikono iwiri yotambasuka ngati choopsezera mbalame m'munda wa mapira, ndi magalasi ali lende pakhosi. Mkati munali zotsalazo. Batani la buluku linathothoka polowa paja, ndipo ndinalimva buluku likutsika pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mbendera madzulo, mpaka linakaima mu akakolo. Nkhokwe mu Malichi imakhala yopanda kanthu, chimanga chikadali kumunda, choncho miyendo inkangopalasa mphepo.

Ndati yopanda kanthu, koma munali mwini wake. Thadzi la apongozi, lakuda lija lopanda nthenga m'khosi, linali likufungatira mazira 11 mmenemo. Loyamba linajompha chala chachikulu, ngati kulawa. Linaima kaye. Ndinalimva likuganiza. Kenako linajompha katumba, n'kudumphira pabuluku pakati pa akakolo paja, poti ndinali nditalikonzera chisanja, n'kuyamba kukwera ntchito yake bondo ndi bondo. Nkhuku imeneyi ndinkaipatsa madeya ndi manja angawa. Ndikaponya mwendo wakumanja, inkapita kumanzere. Ndikaponya wakumanzere, ndinkamva dzira likuti phwa. Ndipo nkhope yanga kunjaku inayenera kukhala yaulemu, chifukwa apongozi anali atatuluka m'bafa, chitenje chili m'khwapa, ndowa ili m'manja, n'kudzaima potero atandifulatira monga mwa mwambo. Tangoganizani munthu akujomphedwa kuntchafu kwinaku akuyesa kuoneka ngati ali m'tchalitchi. Pa mbalame zonse zimene ndalemba m'kope, palibe imene ndinaidziwa mozama ngati imeneyo.

Apongozi salankhula nane maso ndi maso, ndiye anaitana kamdzukulu kanga ka zaka 5, kamene kanali kataima pamenepo chala chili m'kamwa.

"Iwe, tawafunsa agogo akowo. Amene satha sabata ino ndani?"

Mwana anayenda mapazi atatu, n'kuyang'ana m'mwamba. "Agogo, akuti amene afe ndani?"

"Uwauze kuti ndimanena anamzeze. Mayo! Anamzeze a pawaya."

Mapazi atatu kubwerera. "Akuti mayo."

"Tawafunsa, amene anenepa ndani?"

"Agogo, akuti mwawanena kuti ndi onenepa."

"Uwauze ayang'ane pawaya aone okha!"

Tonse tinayang'ana pawaya, ngakhale apongozi anapendeketsa mutu. Waya unali mbee. Phokoso la kugwa kwanga linali litawabalalitsa onse 63. Panangotsala khwangwala mmodzi papolo, wa kolala yoyera ngati m'busa, akundiyang'ana ngati wabwera kudzayendetsa mwambo.

Nthawi yonseyi chala changa chinali chitakanikiza foni. Nditachisiya, uthenga unapita. Mphindi 4 ndi masekondi 12, kuyambira "pachifuwa poyera" mpaka "mayo". Ndipo sunapite kwa mwana wanga. Unapita ku gulu la banja la akuchikazi, mmene muli anthu 47, ena ali ku Beira, ena ku Lilongwe, ena ku Johannesburg.

Kundizula kunakanika. Anakoka mikono, ndinakuwa. Wina analowetsa mutu kunsi kuti akankhe miyendo, thadzi linamulandira, anatuluka akutukwana. Pomaliza alamu anga, misozi ya kuseka ili mbwe, anati denga la nkhokwe amalimangira pansi n'kulikweza, ndiye likhozanso kutsika mmene linakwerera. Amuna 6 analinyamula ine ndili pakati, wina n'kuyambitsa nyimbo yonyamulira denga, ena n'kumavomera. Atanditsitsa ndinaima ndi miyendo yanga, denga lili m'chiuno ngati siketi. Kunena chilungamo linandithandiza, chifukwa buluku linali likadali mu akakolo ndipo amayi a m'mudzi anali atafika kale ndi mitsuko yawo. Ndinayenda nalo pang'onopang'ono mpaka pakhomo la nyumba yanga, pomwe ndinazindikira kuti denga la nkhokwe sililowa pachitseko. Analidula ndi chikwakwa ndili chiimire pabwalo. Mayi a ana anga sananene kanthu, anangobwera ndi chitenje n'kundifunsa chapansipansi ngati nkhukuyonso ndiilembe m'kope.

Loweruka kunali bwalo la ankhoswe. Ndinakonzekera ngati ndikukaphunzitsa pamaso pa woyendera sukulu. Ndinafotokoza kuti magalasi anga amakuza ka 8, ndipo ukaloza pawaya suona china chilichonse koma waya. Ndinafotokoza za ulendo wa anamzeze. Poona kuti nkhope sizikusintha, ndinatulutsa nkhani yanga yaikulu, ya dokowe. Ndinati kale azungu sankadziwa kumene mbalame zawo zimapita nyengo yozizira, ena ankakhulupirira kuti anamzeze amagona m'matope pansi pa madziwe. Ndiye mu 1822, pafupi ndi Klütz ku Germany, anapha dokowe ali ndi mkondo wa kuno ku Africa utamubaya pakhosi, atauluka nawo ulendo wonsewo, ndipo mpaka lero anamusunga ku yunivesite ya Rostock. Ndinati mbalameyo inathandiza anthu ophunzira kudziwa zoona, ndipo ntchito imene ndinkagwira padenga paja ndi yamtundu womwewo.

Amalume a mayi a ana anga anakhala duu, akufwenkha fodya. Kenako anati, "Ndiye kuti mwini mkondoyo anagona ndi njala, mkondonso n'kuluza."

Aliyense anagwirizana nazo kuti imeneyo ndiye mfundo ya nkhaniyo. Wina anafunsa ngati azunguwo anabweza mkondo.

Chigamulo chinali chotere: denga latsopano, mazira 4 amene ndinaswa, tambala mmodzi wopepesera za kubafa, ndi nkhuku ina yofufutira mawu aja a sabata ino satha. Ndinayesa kunena kuti chiswe chinali chitalitha kale dengalo ndipo ndinawathandiza kudziwa kukolola kusanafike, chifukwa likanagwera chimanga. Palibe anandithokoza. Ndinanenanso kuti mkamwini wina akanathawa, ine ndinagwada, ndipo chimene chinandigwetsa ndi ulemu. Amalume anati mkamwini asamakule mwendo, makamaka padenga la eni.

Sabata yonse yotsatira apongozi akangoyetsemula, mudzi wonse unkanditembenukira. Ndinkawagulira ndekha mandimu ndi uchi, kutumiza kudzera kwa mdzukulu. Sindinapempherepo moyo wa munthu mwamphamvu chotero. Epulo anawapeza ali gwa, akukumba mbatata ya kachewere kudimba.

Anamzeze ananyamuka tsiku liti, sindikudziwa, ndinali kudambo kumweta udzu wa denga. M'kope munangotsala 63 ndi mzere wokhotakhota pomwe cholembera chinatsetsereka. Magalasi anandilanda, ali kwa apongozi, akuti aziyang'anira mbuzi zolowa kudimba. Dzulo ndawaona ali pakhonde atawagwira chozondoka, mbali yaikulu ili kumaso, akudandaula kuti mbuzi zili kutali kwambiri pomwe zikudya kabichi pamphuno pawo. Ndinatuma mdzukulu kuti akawauze atembenuze. Anabwerako akuti agogo akuti inu muziona zanu.