Chichewa Ndicho Chinanditsegulira Chipolishi

Amene anandiuza kuti ku Poland munthu wodziwa Chingerezi savutika sananame, koma sananene zonse. Kuyunivesite kuno ku Kraków maphunziro anga ndi a m'Chingerezi, achinyamata ambiri amachiyankhula bwino, ndipo ukhoza kumaliza chaka chathunthu ukudziwa mawu awiri okha, dzień dobry ndi dziękuję, moni ndi zikomo. Koma ukatero umakhala mlendo mpaka tsiku lonyamuka. Mafomu a chilolezo chokhalira m'dziko muno amadzazidwa m'Chipolishi. Amayi ogulitsa mazira ndi tchizi pamsika wa Stary Kleparz ambiri Chingerezi alibe nacho ntchito. Agogo a mnzako amene wakuitana ku chakudya nawonso ayi, pakuti a msinkhu wawo kusukulu ankaphunzira Chirasha mokakamizidwa. N'chifukwa chake ndinalembetsa kalasi yamadzulo.

M'kalasimo ambiri tinali anthu oyankhula Chingerezi, ena chobadwa nacho, ena chophunzira ngati ine. Posakhalitsa ndinaona kuti penapake pamene anzanga obadwa ndi Chingerezi ankagwira njakata, ine ndinkangodutsa. Tsiku lomwe aphunzitsi analemba pabolodi kuti dobry chleb, dobra kawa, dobre mleko, buledi wabwino, khofi wabwino, mkaka wabwino, mnyamata wina wa ku England anafunsa mokhumudwa kuti mawu amodzi omwewo akusinthiranji katatu. Ine mumtima ndinati awa ndi agwirizanitsi athu aja. Mwana wabwino, chimanga chabwino, nyumba yabwino, kamwana kabwino. Munthu amene unakula ndi magulu a mayina, Mu-A, Chi-Zi, Li-Ma, Ka-Ti ndi anzake, sudabwa kuti dzina limalamula mfotokozi ndi mneni. Chosiyana n'choti ife timasintha kumayambiriro kwa mawu, iwo kumapeto, ndipo magulu awo ndi ochepa: dzina limakhala lachimuna, lachikazi kapena lapakati. Kuyambira pamenepo ndinasiya kudutsira ku Chingerezi pofuna kumvetsa galamala. Zolemba zanga za m'kope zinasanduka Chipolishi mbali ino, Chichewa mbali inayo.

Zina zinandikomera mofananamo. Chipolishi chilibe timawu tija ta Chingerezi, a ndi the, monganso Chichewa. Mneni amanena yekha amene akuchita, kotero mówię ndi ndikuyankhula, mówisz ndi ukuyankhula, popanda kufuna mlowam'malo. Mphamvu ya liwu imagwera pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pomwe ifenso timakokera tikamati nyumba kapena chimanga. Ndipo zilembo zake 32 zimawerengedwa monga zalembedwera. Ukangodziwa kuti ł amamveka ngati w wathu, w amamveka ngati v, ndipo sz ndi sh, ukhoza kuwerenga chikwangwani chilichonse ngakhale usakumva tanthauzo.

Koma lilime lathu lili ndi khalidwe lake lomwe Chipolishi sichigwirizana nalo. Kwathu phatikizo lililonse limathera lembo la liwu, n'chifukwa chake tili ndi sukulu ndi buledi. Kuno malembo opanda liwu amaunjikana atatu, anayi, popanda popumira: wszystko, cześć, Szczecin. Mawu opepesera, amene umawafuna kangapo patsiku m'tramu (sitima yoyenda m'misewu ya mumzinda) yodzaza, ndi przepraszam, ndipo pakamwa panga pankafuna kuikamo i ndi u kuti pakhale poponda. Aphunzitsi anandilangiza kuyamba mawu otere monong'ona, kenako n'kumakweza pang'onopang'ono, ndipo zimathandizadi. Palinso l ndi r, amene ife timawasinthanitsa osaona vuto, pomwe kuno ndi malembo awiri osiyana ndipo r amagudubuzidwa ndithu. Kusiyanitsa sz ndi ś, kapena cz ndi ć, khutu langa lachita kuphunzira mochedwa kuposa dzanja.

Pamene Chichewa ndi Chingerezi zonse zinandisiya ndekha ndi pa przypadki. Dzina limodzi limasintha kumapeto m'njira 7, malinga ndi ntchito imene likugwira m'chiganizo. Khofi ndi kawa. Ukamaitanitsa umati poproszę kawę. Akatha, nie ma kawy. Ukamadya keke ndi khofiyo, z kawą. Mukamakamba za iye, o kawie. Ngakhale mayina a malo sasiyidwa: mzinda ndi Kraków, koma ukamapitako ndi do Krakowa, ukakhalamo ndi w Krakowie. Koma dzina la dziko lathu silisintha, jestem z Malawi, ndipo chiganizo chimenechi ndimachinena mosangalala. Manambala nawo ali ndi zawo. Ndalama ziwiri ndi dwa złote, zisanu ndi pięć złotych, 22 imabwerera ku złote, koma 12 ndi złotych.

Mabuku amaika zonsezi m'matebulo akuluakulu, ndipo ndikuona kuti matebulowo ali ndi malo ake pokonzekera mayeso. Koma pamsika, mayi wakuyang'ana ndipo kumbuyo kwako kuli mzere, palibe nthawi yofufuza tebulo m'mutu. Chimene chimagwira ntchito ndi kuloweza ziganizo zathunthu monga anthu amazinenera, kilo jabłek, pół kilo pomidorów, kilogalamu ya maapozi, theka la kilogalamu ya matimati, n'kudzazindikira lamulo lake pambuyo. Loweruka lililonse ndimapita ku Stary Kleparz m'malo mwa supamaketi pa chifukwa chimenechi. Amayi a kumeneko amakukonza pomwepo, mosanyengerera, kenako n'kukuwonjezera apozi limodzi.

Nkhani ya ulemu ndiyo inandifika pamtima kwambiri. Chingerezi chimaitana aliyense mofanana, mwana ndi gogo yemwe, ndipo ine sindinazolowerepo zimenezo ngakhale ndachiyankhula kuyambira ndili wamng'ono. Chipolishi chili ndi ty, amene ndi iwe wathu, wa anzako, ana ndi abale. Munthu wamkulu kapena wachilendo umamutchula pan ngati ndi bambo, pani ngati ndi mayi, ndipo umayankhula ngati ukunena za munthu wina amene ali apo: czy pani chce herbatę, kodi mayi afuna tiyi? Anzanga a m'kalasi ankati izi n'zozungulira. Koma si mmene timayankhulira ndi apongozi kodi? Kodi bambo adya kale? Amayi agona bwanji? Kuchoka pa pani kupita pa ty sikuchitika mwangozi. Wamkulu ndiye amayambitsa, ndipo wamng'ono amadikira ngakhale zitatenga zaka. Mayi amene ndimachita lendi m'nyumba mwawo ndimawatchulabe proszę pani, iwo amanditchula dzina, ndipo tonse tili pamtendere.

Chimene chinandivuta kulandira ndi nkhope za pamsewu. Anthu osadziwana sapatsana moni panjira, samwetulirana m'basi, ndipo miyezi yoyamba ndinkamva ngati ndawalakwira. Koma munthu yemweyo ukakumana naye mu lifiti ya m'nyumba kapena podikirira dokotala, dzień dobry sasowa. Funso loti muli bwanji salifunsa mwachizolowezi. Akakufunsa co słychać ndiye kuti akufunadi kumva, ndipo nawe ukafunsa konzekera kumva za msana, za mitengo ya zinthu ndi za boma. Ukalowa m'nyumba ya munthu umavula nsapato pakhomo n'kupatsidwa kapcie, masilipasi a alendo. Sapatsana dzanja wina ali mkati wina ali kunja kwa khomo. Maluwa opatsa mwininyumba azikhala atatu, asanu kapena asanu ndi awiri, chifukwa ogawika pawiri ambiri amawaona ngati a pamaliro.

Pa 1 Novembala, tsiku la Oyera Onse, mnzanga wa m'kalasi ya kuyunivesite ananditenga kumanda a Rakowicki pamodzi ndi makolo ake. Ndinapita ndi mtima wolemera. Kwathu kumanda sikopitako wamba. Timapita pamaliro kapena pomanga chiliza, amfumu atadziwa, adzukulu atatsogola, ndipo ana sitiwatenga. Kuno dziko lonse limasamukira kumanda tsiku limeneli. Anthu amayenda mitunda italiitali kubwerera kwawo, mzinda umawonjezera matramu opita kumanda, pachipata pamagulitsidwa maluwa ndi znicze, makandulo a m'mabotolo agalasi osazima ndi mphepo. Mdima umayamba cha m'ma 4 koloko, ndipo pofika nthawiyo manda onse amakhala akuwala, fungo la phula lili ponseponse. Ndinaona mayi ake a mnzangayo akupukuta mwala wa manda a amayi awo ndi kansalu, akuchotsa masamba ouma, mdzukulu wa zaka zinayi atawagwirira machesi. Anayatsanso kandulo pamanda ena oyandikana nawo amene panalibe wobwera. Nditafunsa m'Chipolishi changa chodukaduka ngati anali achibale, anati ayi, koma asakhale mumdima. Kenako anandipatsa kandulo ina kuti ndiyatsire anga amene agona kutali. Ndinayatsira agogo anga aakazi. Kumbali ina ya manda omwewa kuli manda a makolo a Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe anali arkiepiskopi wa Kraków asanasankhidwe mu 1978, ndipo anadzacheza ku Malawi mu Meyi 1989. Bambo ake a mnzangayo atamva zimenezi anandigwira dzanja kachiwiri.

Banja lomwelo linandiitana ku Wigilia, mgonero wa pa 24 Disembala, umene kuno ndi waukulu kuposa tsiku la Khirisimasi lenilenilo. Sayamba kudya mpaka nyenyezi yoyamba itaoneka. Pansi pa nsalu ya patebulo amaikapo udzu wouma pang'ono pokumbukira modyera ziweto, ndipo pamakhala mbale imodzi yopanda mwini, ya mlendo amene angagogode. Zakudya zimakhala mitundu 12, zopanda nyama: msuzi wofiira wa barszcz wokhala ndi tizibumi ta ufa totsekera bowa, nsomba ya karp, pierogi (tizibumi ta ufa tokulirapo totsekera kabichi), ndi chakumwa cha zipatso zouma. Bowayo ndi wa m'nkhalango, wozula okha n'kufutsa, ndipo nditawauza kuti kwathunso timafutsa bowa wa dzinja, agogo a panyumbapo anandifunsa mafunso kwa nthawi yaitali.

Musanakhale pansi pamakhala opłatek, kamkate koyera kopyapyala ka mtundu wa kaja ka pa Misa. Aliyense amatenga kake, n'kupita kwa munthu aliyense m'chipindamo, mmodzimmodzi, kubenthulirana ndi kuuzana zimene ukumufunira m'chaka chikubwerachi. Apa palibe kubisala kumbuyo kwa gulu. Unayenera kuyang'ana agogo m'maso n'kunena chinachake chochokera mumtima, m'chiyankhulo chawo. Ndinati życzę pani zdrowia, ndikukufunirani moyo wathanzi, ndipo ndikunena choncho ndinazindikira chinthu chimene tebulo la m'buku linalephera kundilowetsa m'mutu. Mneni wofunira munthu zabwino amakoka dzina kulowa m'kasinthidwe kotchedwa dopełniacz, n'chifukwa chake zdrowie anasanduka zdrowia. Mafuno onse amene ndinkangowaloweza, smacznego pa chakudya, wesołych świąt pa Khirisimasi, wszystkiego najlepszego pa tsiku lobadwa, ali m'kasinthidwe komweko chifukwa mneniyo alipo koma satchulidwa. Kuchokera usiku umenewo dopełniacz sanandisokonezenso ngati kale.

Anthu a kuno amasangalala mopitirira ukayesa chiyankhulo chawo, ngakhale uchiphwanye, ndipo mbiri yawo imafotokoza chifukwa chake. Dziko lawo linagawanidwa ndi Russia, Prussia ndi Austria mu 1772, 1793 ndi 1795, n'kusowa pamapu zaka 123 mpaka 1918. M'zaka zimenezo chiyankhulo ndi tchalitchi ndizo zinawasunga ngati mtundu umodzi. Mu 1901, m'tauni ya Września, ana asukulu anakana kuyankha m'Chijeremani pa phunziro la chipembedzo. Anakwapulidwa, ndipo makolo ena amene anawaikira kumbuyo anamangidwa. Nditamva nkhaniyi ndinakumbukira masukulu ambiri kwathu kumene mwana amapatsidwa chibalo chifukwa choyankhula Chichewa kapena Chitumbuka pabwalo, ndipo opereka chibalocho si atsamunda, ndi ife tomwe. Kuno dokotala, loya ndi injiniya amaphunzira ntchito yawo yonse m'Chipolishi, ndipo Chingerezi amachiphunzira pambali ngati chida. Zimenezi zimandipweteka ndikaganiza za kwathu, ndipo sindikuganiza kuti tinayenera kuzizolowera.

Panopa ndikulimbana ndi aneni apawiri. Pafupifupi mneni aliyense ali ndi mnzake: pisać ndi kulemba kosanena ngati unamaliza, napisać ndi kulemba mpaka kutha, czytać ndi przeczytać chimodzimodzi pa kuwerenga. Chichewa chimandithandizako pang'ono, poti timasiyanitsa ndinkalemba ndi ndinalemba, koma Chipolishi chimafuna usankhe ngakhale pa zam'tsogolo ndi polamula, ndipo awiriawiriwo umachita kuwaloweza pamodzi. Cholinga changa ndi mayeso a boma a Chipolishi a mlingo wapakati wotchedwa B1, omwenso amafunika munthu akamapempha unzika wa dziko lino. Ali ndi magawo a kumvetsera, kuwerenga, galamala, kulemba ndi kuyankhula. Kuyankhula sindikuopa kwenikweni, msika wandikonza. Kulemba ndiko kwatsalira, ndiye tagwirizana ndi aphunzitsi kuti sabata iliyonse ndizilemba kalata ya tsamba limodzi, iwo azichonga ndi cholembera chofiira. Ya sabata ino ndi yofotokozera mayi a nyumba kaphikidwe ka nsima ndi chambo, poti akhala akundifunsa kuyambira Khirisimasi.