Lachinayi: mafuta osisitira mapazi otopa

Kwacha kozizira, ndipo mafuta a kokonati agwirana m'botolo, ayera kuti mbee. Sanawonongeke ayi. Amaundana kutentha kukatsika pansi pa madigiri 24, koma ukatapa pang'ono n'kufumbata m'manja amasungunuka msanga. Ndi apa pamene ntchito ya lero yayambira: mabotolo ena asanu pathebulo, kuona kuti ndi ati oyenera phazi la munthu amene waima kapena kuyenda tsiku lonse.

Anthu ambiri amasankha ndi mphuno. Fungo si nkhani. Chofunika n'chakuti mafutawo aterere motani, ndipo akhale nthawi yaitali bwanji asanalowe m'khungu. Kunsi kwa phazi khungu ndi lochindikala, limatuluka thukuta kwambiri koma lilibe tizigawo totulutsa mafuta achilengedwe. Mafuta opepuka kwambiri, monga a njere za mphesa, amatha msanga moti umangowonjezerawonjezera. Olemera ngati a nsatsi amamata, chala chimakakamira m'malo moyenda. Komanso akaterera mopitirira, chala chachikulu chimangodutsa pamwamba osafika pa mtsempha wolimba uja wochokera ku chidendene kukafika ku zala, pomwe nthawi zambiri ululu umakhala.

Pofika masana a mpendadzuwa ndi a alimondi ndiwo apambana. Amaterera mwapakatikati ndipo amapirira mphindi 10 pa phazi limodzi. A azitona ndi olemerako, amasiya fungo pa nsalu, ndipo pa khungu losachedwa kutuluka zidzolo ndi bwino kuwasiya. A nsatsi paokha ayi, koma gawo limodzi pa magawo anayi a mpendadzuwa amathandiza pa chidendene chouma. Amene thupi lake limadana ndi mtedza kapena alimondi atenge a mpendadzuwa basi.

Muyeso wake ndi wochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Supuni yaing'ono imodzi, ya mamililita 5, imakwanira mapazi onse awiri.

Pa mafuta onunkhira aja a m'timabotolo ting'onoting'ono ndi pamene pamachitika ngozi zambiri. A peppermint ndi a bulugamu amapangitsa phazi kumva kuzizira, chifukwa amadzutsa timitsempha tomva kuzizira pakhungu. Mpumulo wake ndi weniweni, koma sachotsa chomwe chayambitsa ululu. Asapakidwe okhaokha, amawotcha. Dontho limodzi kapena awiri pa supuni yaing'ono ya mafuta wamba monga a mpendadzuwa, ndiye kuti 1 kapena 2 peresenti, n'zokwanira. Musanapake mapazi, yesani pang'ono mkati mwa mkono n'kudikira maola 24. Pakafiira kapena kuyabwa, asiyeni. A wintergreen ali ndi mankhwala ofanana ndi asipirini, choncho si a ana kapena munthu amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Mayi woyembekezera ndi mwana wamng'ono, mafuta wamba opanda chosakaniza.

Madzulo kwatsala kasisitidwe kake. Sambani mapazi ndi madzi ofunda, pukutani bwinobwino. Thirani mafuta m'manja, osati paphazi, muwatenthetse popekesa zikhatho. Yambani ndi kusisita mopepuka kuchokera ku zala kukwera ku akakolo. Kenako zala zazikulu ziwiri zikanikize pang'onopang'ono kuchokera ku chidendene kutsata pakati pa phazi, mobwereza kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Chidendene chifinyeni ndi chikhatho chonse. Musaiwale katumba wa mwendo, chifukwa akalimba amakoka chidendene. Ululu wobaya ukamveka, chepetsani mphamvu. Pakati pa zala musasiyepo mafuta, pakuti chinyezi chikakhazikika pamenepo khungu limayera, kusenda ndi kuyabwa. Pomaliza pukutani ndi thaulo n'kuvala sokosi, apo ayi pa simenti yosalala kapena matailosi mugwa.

Pali mapazi ena osayenera kusisita n'komwe. Katumba wa mwendo umodzi akatupa, n'kutentha ndi kupweteka, mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo kufinya kungakankhire magazi oundanawo ku mapapo. Ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi chala chachikulu chofiira ndi chotupa, bala, kapena phazi lopweteka kwambiri munthu atagwa. Wodwala shuga amene mapazi ake achita dzanzi samva akafinyidwa mopweteka kapena madzi akatentha, choncho madziwo ayesedwe ndi chigongono, asaviike mapazi nthawi yaitali, ndipo dzanja likhale lopepuka. Ming'alu yakuya imafuna kirimu wokhala ndi urea, mankhwala ofewetsa khungu louma; mafuta okha sangaitseke.

Botolo limodzi mwa asanu aja latayidwa lero. Linali la njere za mphesa, lokhalitsa pawindo, ndipo linayamba kununkha ngati penti yakale. Dzuwa ndi mpweya zimawononga mafuta opepuka msanga, ndipo otere amayabwitsa khungu. Anayi otsalawo atsekedwa zolimba n'kuikidwa m'kabati mopanda kuwala.