Zimene ndaphunzira za mchenga wa m'thanki ya ma hermit crab

Msuweni wanga wa ku Area 25 wandisiira thanki yake ya ma hermit crab, nkhanu zija zimabisa kumimba kwake kofewa m'chigoba cha nkhono yakufa, ndiye ndakhala ndikuwerenga za tizilomboti usiku uliwonse magetsi akalola. Aliyense akabwera kunyumba amafunsa zimadya chani, kaya zimapana, palibe amafunsa za mchenga, chonsecho moyo wonse wa nkhanuzi uli pansipo.

Poyamba muiwale nkhanu za kunyanja kwathu ku Salima, zija ndi za m'madzi opanda mchere. Izi ndi za mtundu wa Coenobita, kwawo ndi kumtunda m'mbali mwa nyanja zamchere, zina ku Caribbean monga Coenobita clypeatus, zina ngati Coenobita rugosus zimapezeka gombe la kum'mawa kwa Africa konkuno. Zimapumira ziwalo zonga za nsomba zimene ziyenera kukhala zonyowa, mpweya ukauma zimabanika pang'onopang'ono osaonetsa, nde chinyezi m'thanki chisatsike pa 70 peresenti, chikamasewera cha m'ma 80 ndiye bwino, kutentha kwake 24 mpaka 29 digiri. Chimene chimasunga chinyezicho kwambiri ndi mchenga womwewo.

Kasakanizidwe kamene osunga ambiri amagwirizana ndi magawo 5 a mchenga pa gawo limodzi la cocopeat, ulusi wa makoko a kokonati uja amagulitsa m'mashopu a mbewu kwa a nazale, bola ukhale wosathira feteleza. Kuya kwake kusachepere masentimita 15, kapena katatu kutalika kwa nkhanu yaikulu m'thankimo, musankhe chimene chakula. Ine poyamba zinkandioneka ngati kuwononga malo, theka la thanki mchenga okhaokha, mpaka nditamvetsa za kufundula. Nkhanu kuti ikule imafundula khungu lake lolimba lonse, ndipo imachitira zimenezi pansi, imakumba kamphanga kake nkukhalamo masabata, zikuluzikulu mpaka miyezi, ili lende osatha kudziteteza, kenako imadya khungu lakale lija kuti ibweze kashiamu. Mchenga ukachepa imafundulira poyera ndipo zinzake zimatha kuidya yamoyo, zilibe chisoni izi.

Kanyowedwe ndi kamene kandivuta kumvetsa. Ukatapa mchenga nkufinya m'dzanja uzigwirana ngati mbamu ya nsima koma osadontha madzi, ukabowola ndi chala bowolo lizikhala osagumuka. Ukauma mphanga zimagwa, ukanyowetsa madzi amatsikira pansi penipeni nkudikha, mpweya sufikako, mabakiteriya amaswana, mchenga umada ndipo fungo lake ndi la dzira lowola. Panopa ndimasuzumira pansi pa galasi ndi tochi ya foni kuona ngati pali mzere wa madzi kapena mabanga akuda. Madzi onyowetsera asakhale a pampopi osachotsa kilorini, ndipo mukafuna amchere ndi mchere wa marine aquarium, uja amasungunula m'matanki osungiramo nsomba za m'nyanja zamchere, wa kukhitchini uja ayi. Timiyala komanso mchenga wa kashiamu wopaka mitundu amagulitsa m'timapaketi tokongola uja ndi kutaya ndalama, timiyala sizingakumbe, wa kashiamuwo ukanyowa nkuuma umalimba gwa nkumatirira nkhanu.

Vuto la kuno ku Lilongwe ndi lakuti mabuku ambiri a nkhaniyi saganizira nyengo ngati yathu. Tili pamtunda wopitirira mamita 1,000, Juni ndi Julaye usiku kumazizira kufika pansi pa 10 digiri, ndiye kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mpweya umauma kuti mchenga wapamwamba umayera tsiku limodzi thanki ikakhala yosavindikira bwino. Chivindikiro cha galasi kapena pulasitiki chikufunika, cha waya chimathawitsa chinyezi chonse. Chotenthetsera chimamatidwa m'mbali mwa thanki pamwamba pa mzere wa mchenga, osati pansi, chifukwa pansipo chimaumitsa mchenga nkuwamba nkhanu imene yakwiririka. Magetsi akathima nthawi yozizira ndi kufunditsa thanki bulangeti basi. Mchenga wa kumtsinje umene anyamata amagulitsa pamilu m'mbali mwa msewu ungagwire ntchito koma mitsinje ya Lingadzi ndi Lilongwe imanyamula zonyansa zambiri, ndiye ndi kusefa, kutsuka mpaka madzi ayere, kuuphika mu uvuni uume, kenako uzizire. Ndi chintchito, sindinama.

Kusamalira kwake kwandidabwitsa kuti nkochepa. Kutola zotsala za chakudya pamwamba tsiku lililonse, chifukwa zimakonda kukokera chakudya pakona nkuchita nkhungu, kuchotsa zitosi, basi. Kusintha mchenga wonse si kwa mwezi ndi mwezi, nkoyenera pokhapokha wasefukira madzi, wanunkha kapena mwalowa tizilombo toononga. Chovuta ndi manja oyabwa. Imodzi mwa nkhanu za msuweni inalowa pansi kalekale ndipo mng'ono wanga tsiku ndi tsiku amati achimwene yafa imeneyo tiikumbe, ine ndimangomuuza kuti anunkhize kaye, yakufa imanunkha nsomba yowola thanki yonse, ngati sikununkha asiye supuniyo akachite homuweki.