Buleki yakumbuyo ya njinga yanga yamagetsi inatsala pang'ono kundipweteketsa

Njinga yangayi ndinagula kwa munthu wina itayendapo kale, mota yake ili mu tayala lakumbuyo, ndipo m'mawa uliwonse ndimanyamulira makireti a tomato ndi anyezi kuchoka ku msika wa Mbare Musika kupita ku Highfield kuno ku Harare, Zimbabwe, komwe mayi akunyumba amagulitsa. Payokha ndi yolemera kale, makilo 28 kapena kuposerapo, ndiye muwonjezerepo ine ndi katundu pa kaliyala.

Tsiku lina mu Simon Mazorodze Road kombi inangoima mwadzidzidzi patsogolo panga kuti itenge anthu, ine kufinya buleki yakumbuyo mpaka chogwirira kukagunda handulo koma njinga ikungopitabe, kumbuyo kukungolira kwiii. Yakutsogolo ndi phazi pansi ndi zomwe zinandipulumutsa. Ndinafika kunyumba miyendo ikunjenjemerabe, ndipo masana omwewo ndinaikankha kupita nayo kwa amalume, omwe anabwera kuno kuchokera ku Dedza kalekale ndipo akhala akukonza njinga chakufupi ndi Machipisa ine ndisanabadwe.

Ine m'mutu ndinali nditaika kale zoti ndigula mabuleki a hydraulic, ogwira ndi mafuta m'malo mwa waya, basi, ndalama ndikabwereka. Amalume sanayankhe, anangodutsitsa chala pa disiki ya buleki n'kundionetsa, chala chili bii ndi mafuta.

"Mphwanga, tcheni ichi umathira chiyani?"

"Oyilo wopopera uja amalume."

"Ndiye wapoperanso buleki yako."

Zinalidi choncho. Ukamapopera tcheni tayala likuzungulira, timadontho timaulukira mbali inayo n'kugwera pa disiki, ndipo mapadi a resin, omwe amapana disikiyo, amamwa mafutawo ngati siponji. Tinawatulutsa, anali osalala akunyezimira ngati galasi. Ena amakwecha ndi sandipepa, zimathandiza ngati padi yangosalala ndi kutentha, koma ikamwa oyilo ndi yotaya, musadzivutitse. Tinaika atsopano, disiki tinapukuta ndi sipiriti ndi kansalu koyera mpaka kansaluko kusiya kuda, ndipo anandiletsa kuigwiranso ndi zala.

Chachiwiri ndi chomwe ndikufuna anzanga oyendetsa njingazi amve bwino, chifukwa ine ndayenda chaka chathunthu osachidziwa. Mabuleki ambiri otchipa a waya, padi imodzi yokha ndi imene imasuntha, inayo yam'kati, ya mbali ya masipoko, imangokhala malo amodzi. Ikamatha mpata umakula, ndiye yakunjayo imayamba yapinda disiki kuti ikafike pa inzakeyo, mphamvu ya dzanja lako yonse n'kuthera pamenepo. Ine ndinkangokoka waya kuti ulimbe, kuona ngati ndakonza. Pamafunika kupota kabawuti ka padi yam'katiyo, kanga n'ka Allen key ya 5mm, mpaka itsale pang'onong'ono kukhudza disiki. Vuto la njinga zamota kumbuyo n'loti motayo imatseka malo, kiyi salowa, moti amalume anachita kumasula caliper yonse (chitsulo chomwe mumakhala mapadi), kupota, kubwezera, kuzunguza tayala akumvetsera ndi khutu, kumasulanso, kanayi konse. Madalawo ali ndi mtima wodekha zedi.

Waya tinasinthanso. Wakumbuyo ndi wautali kuposa wakutsogolo, umakhotakhota pa fulemu, ndipo kapaipi kakuda komwe umadutsamo kamafinyika ukakoka, n'chifukwa chake buleki yakumbuyo imamveka yofewa. Wanga unali utachita dzimbiri m'kati chifukwa cha mvula ya chaka chatha.

Ndiye pali ichi chomwe amalume sankachidziwa bwino poti iwo anazolowera njinga zopalasa, tinachipeza tonse awiri. Pa chogwirira buleki pamachoka kawaya kakang'ono kopita ku controller, kabokosi kolamulira mota, ntchito yake n'kuzimitsa mota ukangofinya. Kanga kanali katazuka pa pulagi, kaya liti. Ndiye kuti tsiku la kombi lija, dzanja langa lidakali pa throttle yoperekera moto, mota inkakankha ine ndikuyesa kuimitsa. Kuyesa kwake n'kophweka, nyamulani tayala lakumbuyo, perekani moto pang'ono, gwirani buleki, mota izime nthawi yomweyo. Ikapanda kuzima musaikwere.

Patatha sabata ziwiri ndinasintha disiki, kuchoka pa 160mm kufika pa 180mm, chifukwa cha katundu amene ndimanyamula. Disiki yayikulu imagwira tayala patali ndi pakati pake ndiye mphamvu yoimitsa imachuluka, komanso sichedwa kuzizira. Imafuna adaputa yoti caliper ikwere m'mwamba pang'ono, mabawuti a disikiyo ndi 6 a Torx T25, ndipo muyambe mwaona ngati fulemu yanu ili ndi mpata. Mukaika disiki kapena mapadi atsopano musalowe mumsewu waukulu nthawi yomweyo. Ine ndinapita pamalo opanda magalimoto, kuthamanga pang'ono, kufinya mwamphamvu mpaka njinga itatsala pang'ono kuima, kusiya, kubwerezanso ka 20 kapena kuposa. Poyamba imakhala ngati palibe chomwe mwachita, kenako mumangomva yayamba kuluma.

Amalume anandikumbutsanso kuti buleki yomwe imaimitsa njinga kwenikweni ndi yakutsogolo, poti ukamaima kulemera konse kumathamangira kutsogolo, yakumbuyo ukaifinya kwambiri tayala limangokhwekhwereza. Ndikuvomereza, ndipo pano ndimagwira zonse ziwiri pamodzi. Koma kwa ife onyamula makireti kumbuyo, tayala lija limakanikizika pansi kwambiri, limagwira msewu, ndiye buleki yake ili ndi ntchito yayikulu kuposa ya munthu woyenda chimanjamanja.

Za hydraulic sindinaziiwale, mwina chaka chamawa, ndipo ndikadzagula ndidzafuna zokhala ndi kawaya kozimitsa mota kaja. Amene muli nazo kale samalani ndi mafuta ake, za Shimano zimafuna mineral oil, mukathiramo DOT, mafuta a buleki ya galimoto, mwaononga timalabala tam'kati.

Mvula ikuyandikira, Novembala sali patali, ndipo matope a ku Mbare amadya mapadi msanga. Ndagula peyala ina ndasunga m'kachikwama ka pansi pa chishalo pamodzi ndi Allen key ija. Tcheni pano ndimadontheza oyilo wa m'kabotolo, dontho limodzilimodzi, disiki nditaiphimba ndi chikatoni.