Zaka zisanu tikusalaza makoma mu Lilongwe

Mwezi uno takwanitsa zaka zisanu pa ntchitoyi, ndipo sabata yatha tapachika chikwangwani pakhomo pa kashopu kathu ku Area 25. Ndinayamba ndili ndi mpeni umodzi womangira, chidebe, levulo yobwereka kwa amalume ndi njinga yakapalasa. Lero tilipo asanu ndi mmodzi, aliyense ndi banja lomwe likudya pa ntchito imeneyi.

Kale ndinkagwira maganyu opaka penti, ndipo ndi komweko komwe mtima unayamba kundipweteka. Munthu wavutika zaka zinayi kumanga nyumba, wagula penti wodula, koma khoma lili ngati mizere ya m'munda. Penti sabisa chilema cha pulasitala. Makamaka wonyezimira uja, mukayatsa getsi madzulo katumphu kalikonse kamaponya mthunzi wake, mlendo n'kumayang'ana khoma m'malo moyang'ana inu.

N'chifukwa chake tikafika pa nyumba sititchula mtengo tisanaunike. Timatseka makatani, n'kugoneka tochi chammbali pa khoma, zigwa ndi zitunda zonse zimaonekera poyera. Kenako timayika thabwa lowongoka la mamita awiri kuti tione pamene pafufuma. Timagogodanso ndi chigwiriro cha hamala. Pamene pakulira ngati ng'oma, ndiye kuti pulasitala anasiyana kale ndi njerwa, pamenepo palibe zomata, timagumula basi. Mukapukuta khoma ndi chikhatho n'kumayoyoka mchenga, mmisiri anaumira simenti kapena sanathirire. Ming'alu ing'onoing'ono yonga ukonde wa kangaude nthawi zambiri imabwera chifukwa cha mchenga wa dothi lambiri, kapena pulasitala woikidwa pa dzuwa la Okutobala n'kuuma tsiku lomwelo. Ming'alu yaikulu timayamba taikuza pang'ono kuti fila, phala lotsekera ming'alu, alowe mpaka mkati, tikamaliza timasikima, kutanthauza kumata phala losalazira khoma lonse mopyapyala, kukwecha ndi sandipepa, kuchotsa fumbi, kenako pulaima, wothandiza kuti penti agwire bwino. Penti amabwera pomalizira penipeni.

Zimenezi sindinaziphunzire mwaulere. Mu 2022 tinapeza ntchito yathu yaikulu yoyamba, nyumba ya zipinda zinayi ku Area 49. Eni ake anali ndi chinkhoswe cha mwana wawo ndipo ankafuna alendo akapeze nyumba ikuwala. Tinagumula malo ambiri n'kuikanso pulasitala watsopano. Ndinkadziwa bwino kuti pulasitala wa simenti amafuna pafupifupi masiku 28 kuti akhwime ndi kuuma asanaone penti, koma bambo aja atandiuza kuti "aphiri, tatithandizani, tsiku layandikira," ndinachita manyazi kukana. Tinapaka patangotha sabata imodzi. Mvula itayamba anandiimbira foni. Ndinapeza penti wa pabalaza atatupa matuza, pansi pake patatuluka ufa woyera ngati mchere. Ndinalowetsa chala, penti n'kusendeka ngati khungu la mbatata yophika. Mayi a m'nyumbamo sanandilalatire, anangoti, "Achimwene, tinakukhulupirirani." Mawu amenewo sindinagone nawo tulo.

Tinapala zonse n'kuyambiranso ndi ndalama zathu. Njinga ija ndinagulitsa, ndipo anyamata awiri omwe ndinali nawo anagwira mwezi wathunthu akungolandira ya ndiwo. Kuchokera pamenepo, kaya ndi ukwati kaya ndi alendi ofulumira kulowa, khoma likakhala lisanaume sitipaka. Ena amakwiya n'kukaitana wina. Angapo mwa iwo anabweranso kwa ife patapita miyezi.

Titangoyamba kudzuka, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tinali titalipiriratu matumba a simenti ndi zidebe za pulaima pa hadiweya ina m'tauni, lisiti lili m'manja. Titapita kukatenga, anatiuza kuti tiwonjezere kapena tilandire theka. Bwana a hadiweya aja akudzidziwa, ndipo mpaka lero timangodutsa pakhomo pawo. Nawonso aja anandibwereka ndalama ya katapila n'kumabwera kudzandikumbutsa pa sayiti pamaso pa kasitomala, ndalama yanu munalandira yonse ndi chiwongoladzanja chake, koma sitidzakugogoderaninso.

Ndithokoze Mulungu amene watisunga pa makwerero zaka zonsezi popanda wogwa. Ndithokoze mayi a kunyumba, omwe ankagulitsa mandasi kuti ana asagone ndi njala nthawi imene ine ndinkabwera chimanjamanja. Amalume anga, levulo yanu ija ikadalipo, ndipo ndikubweretserani yatsopano. Anyamata anga, inu amene mumaweruka tsitsi ndi nsidze zili mbuu ndi fumbi la sandipepa, dzina limene tili nalo ndi la manja anu. Amayi a banki m'khonde kwathu, munatipatsa ngongole pamene ena ankafuna chikole chomwe tinalibe. Banja la ku Area 49 lija, munatikhululukira mpaka kutitumiza kwa abale anu ku Area 47 ndi ku Likuni, Ambuye akudalitseni. Ndi makasitomala athu onse a ku Kawale, Area 18, Chinsapo ndi Area 36, zikomo kwambiri.

Ngati mwangomaliza kumanga, kapena alendi atuluka n'kusiya makoma ali mabowo a misomali okhaokha, musathamangire kugula penti. Tiitaneni kaye tidzaunike. Mu Lilongwe muno kuunika ndi kwaulere, mtengo timawerengera pa sikweya mita ndipo timakulemberani papepala, zipangizo pazokha, ntchito ya manja payokha. Mukafuna kugula nokha zipangizo timakuuzani zoyenera ndi kuchuluka kwake. Timayamba ndi chipinda chimodzi, mudzachiunike ndi tochi yanu madzulo, mukakhutira ndiye tipitirize nyumba yonse. Amene mukufuna kulowa m'nyumba mvula isanayambe, lembetsani msanga kuti makoma apeze nthawi youma.